Cruise control yasiya kugwira nditaika mababu a LED kumbuyo

Mayi a Thoko: Moni nonse a pagulu. Ndili ndi vuto landizunguza mutu sabata ino. Galimoto yanga ndi ya 2007, automatic, ndipo cruise control yake, ija yosunga liwiro yokha osaponda mafuta, sinandivutepo chiigulireni. Loweruka lapitali alamu anga anandisinthira mababu a kumbuyo, kuchotsa akale aja n'kuika a LED: awiri a mabuleki a m'mbali, kaja ka pamwamba pa galasi la kumbuyo, ndi tiwiri ta pa nambala. Kuwala kwake sindikudandaula, akuwala zedi. Koma Lolemba ndili pa ulendo ndadina ON, kanyali ka CRUISE kayaka pa dashibodi monga mwa masiku onse, ndafika 90, ndadina SET kuti igwire liwirolo, zii. Kuchotsa phazi galimoto ikungotsika liwiro. Ndayesa kanayi. Check engine sinayake. Alamu akuti zangokumanizana, mababu a kumbuyo alibe nawo gawo pa cruise. Zoona zimenezi?

Jah Spana: Alamu onse amatero kkkk. Chilichonse chikafa atangochigwira, "zangokumanizana".

Kamwendo: Mayi, musanaweruze alamu anuwo, yang'anani switchi ya mabuleki. Ili pamwamba pa chopondera mabuleki, muyenera kuwerama n'kulowetsa mutu pansi pa dashibodi kuti muione. Galimoto ya 2007 yakalamba, switchi imeneyo imatopa. Palinso kamphira kakang'ono komwe switchiyo imagunda, kakauma kamangophwanyika n'kugwera pa kapeti. Kakachoka, galimoto imaganiza kuti mwaponda mabuleki nthawi zonse, ndipo cruise singalole. Ine zinandichitikira, mababu sindinawakhudze n'komwe.

Mayi a Thoko: Zikomo achimwene. Ndiye kakanakhala kamphirako, magetsi a mabuleki sakanamangoyaka osathima? Ndayang'ana masana ano, ali ozima, akuyaka pokhapokha mwana akandipondera.

Kamwendo: Akanamayaka, inde. Ndiye kamphira kali bwino. Koma switchi zambiri zili ndi mbali ziwiri mkati, ina ya mababu, ina yopita ku kompyuta. Ina itha kufa inzake ili moyo. Ine ndikadali pa switchi.

Bambo Mbewe: Moni mayi. Ine ndimakonza za magetsi a galimoto. A Kamwendo sakunama, switchi imafadi motero, koma chinthu chikamagwira Lachisanu, Loweruka mwasintha mababu, Lolemba chaleka, poyambira ndi pa mababupo. Ndipo alamu anu andikhululukire, mababu a mabuleki ali ndi gawo lalikulu pa cruise control.

Zimayenda chonchi. Cruise control imayenera kudziwa kuti simunaponde mabuleki isanalole kugwira, ndipo ikagwira imayenera kusiya msanga mukangoponda. M'galimoto zambiri, makamaka zakalezi, imadziwa zimenezo poyang'ana waya yemweyo wopita ku mababu a mabuleki. Mukaponda, pa wayayo pamakhala 12V. Mukasiya, payenera kukhala ziro. Tsono ziro ameneyu sabwera yekha. Amene amakokera wayayo pansi ndi kawaya kaja kozungulizidwa mkati mwa babu wakale, chifukwa mbali yake ina ili ku bodi ya galimoto. Babu wa 21W akayaka amakhala ndi ma ohm (muyeso wa kukaniza magetsi) pafupifupi 7, akazizira safika n'komwe pa 1. Kwa kompyuta, zili ngati wayayo wagunditsidwa ku chitsulo. Magetsi ochepa alionse otsalira amathawira mmenemo.

LED siitero. Iyo salola magetsi kudutsa mpaka atafika pa mlingo wake, yofiira imafuna pafupifupi 2V, yoyera pafupifupi 3V, ndipo m'babu limodzi amazilumikiza zingapo motsatizana. Mukachotsa mababu onse akale, waya wa mabuleki amatsala lende, alibe pothawitsira magetsi. Kompyuta ikayang'ana sipeza ziro, ndiye imati mayiwa phazi lili pa buleki, n'kukana SET. Kanyali ka CRUISE kamayaka ndithu chifukwa iko kamangonena kuti mwadina ON.

Kuyesa kwake n'kosavuta: bwezerani babu mmodzi wakale, ngakhale ka pamwamba kaja, mukayendetse.

Mayi a Thoko: Aaa, ndamva bwino tsopano bambo. Vuto n'lakuti akale aja sindikudziwa kuti alamu anawaika kuti, mwina anataya. Ndiwaimbira.

Jah Spana: Akayankha kuti "ndinawasunga penapake" dziwani kuti ali kudzala.

Nabanda: Ine ndinangoika ma resistor aja agolide, a 6 ohm 50W, oti azidya magetsi m'malo mwa babu wakale, nkhani n'kutha. Koma ndikuchenjezeni asisi, chifukwa ine ndinaphunzira mowawa. Woika uja anawamangirira ndi tepi ku mawaya n'kuwasiya akulendewera kuseri kwa pulasitiki ya m'buti. Tsiku lina tili pa mzere wautali wa magalimoto, phazi pa buleki mphindi mwina khumi, ndinayamba kumva fungo ngati wina akuwotcha jumbo. Kutsegula buti, pulasitiki yasungunuka, pabooka bowo loti chala n'kulowa, tepi ija yasanduka phala lakuda. Mwayi sizinayake moto. Tinthu timeneti timatentha koopsa.

Bambo Mbewe: Eetu mayi, ndipo masamu ake ndi achidule. Injini ikamalira batire imakhala pa 14V kapena kuposerapo pang'ono. Mukagawa 14 ndi 6 mupeza ma amp opitirira 2, ndiye kuti resistor mmodzi akutaya ma watt opitirira 30 ngati kutentha kokhakokha. Ija 50W yolembedwapo imagwira pokhapokha mutaimanga ndi masikuluwu pa chitsulo choti chizimwa kutenthako. Pa ma indiketa zimapiririka chifukwa amayaka n'kuthima. Pa mabuleki, makamaka automatic yomwe mumaima mutaponda, imapsa osapuma. Komanso taganizani: mwachotsa babu wodya 21W kuti musunge magetsi, n'kuikapo chinthu chodya kuposa pamenepo chomwe sichiwala n'komwe.

Chisale W: Nanga bwanji osangogula mababu olembedwa kuti CANbus? Ndimamva kuti amenewo alibe mavuto.

Bambo Mbewe: Dzina limenelo ndi la malonda chabe achimwene. Babuyo salankhula ndi CAN bus, mawaya omwe makompyuta a galimoto amalankhulirana, ayi. Angoikamo ka resistor mkati kuti adye magetsi ochulukirapo, kuti galimoto zomwe zimayang'anira mababu zisanene kuti babu wapsa. Nthawi zina kamakwanira kukonzanso vuto la cruise, nthawi zina ayi. Ndipo kutentha kwa ka resistor kameneko kumakhala mkati mwa babu momwemo, pafupi ndi ma LED, ndiye ena sachedwa kufa.

Wa Pickup: Pepani ndilowererepo ndi langa, likufanana. Yanga ndi yatsopanoko, cruise yake ndi ija yodzichepetsera liwiro yokha ukayandikira galimoto ya kutsogolo. Kumbuyo sindinasinthe kalikonse. Ndinangoika light bar ya LED kutsogolo, ndipo kuyambira pamenepo imalemba kuti cruise siikupezeka, nthawi zina imagwira kenako n'kusiya. Ndi nkhani ya waya wa mabuleki yomweyi?

Bambo Mbewe: Ayi, lanu ndi lina. Mwaimanga pati?

Wa Pickup: Pakati penipeni, kutsogolo kwa grill, mmunsi pang'ono mwa chizindikiro cha galimoto.

Bambo Mbewe: Mwatseka maso a radar. Cruise ya mtundu umenewo imaona kutsogolo ndi radar, ndipo kawirikawiri imakhala kuseri kwa chizindikirocho kapena mmunsi mwa bampa pakati. Imadutsa pulasitiki yomwe anaipangira, koma aluminiyamu ya light bar ndi zitsulo zomangira siingadutse. Masulani muyese. Ngati pomanga munagunda kapena kupotoza pomwe radar yakhala, ifunika kuikonzanso ndi makina kuti iyang'ane molunjika, chifukwa ikapendekeka pang'ono chabe imayamba kuona magalimoto a mbali ina.

Jah Spana: Munthu waika nyali kuti aziona bwino, galimoto n'kuchita khungu.

Mayi a Thoko: Abale, pachitika zachilendo, mwina zithandiza. Alamu sakuyankha foni, ndiye mababu akale sindinawapeze. Koma masana ano ndimapita kukatenga ana, ndinangoti ndiyesenso. Yagwira! Ndadina SET pa 80, yagwira bwinobwino, kuponda buleki yasiya, kudina RES yabwerera pa liwiro lija. Ndinasangalala ndithu. Pobwerera kunayamba mvula, ndayatsa magetsi, nthawi yomweyo cruise yadzimasula yokha ngati ndaponda buleki. Kuyesa SET, yakana. Kuzimitsa magetsi, yalola. Ndabwereza katatu, chimodzimodzi. Ndiye ndakumbukira kuti Lolemba lija ndinanyamuka kusanache, magetsi ali oyaka ulendo wonse.

Kamwendo: Hmm. Switchi sidziwa kuti kunja kwada kapena kwacha. Ndayamba kubweza mawu anga pang'onopang'ono.

Bambo Mbewe: Mayi, mwagwira ntchito yomwe ena timalipiritsa. Ndipo inenso ndibweze mawu pang'ono. Ndimaganiza kuti waya watsala lende, koma zikanakhala choncho cruise ikanakana usana ndi usiku womwe. Yanuyi ili ndi njira yake yokokera wayayo pansi. Vuto lanu ndi lachiwiri, lomwe limabwera ndi mababu a ntchito ziwiri. Tandiuzani, mababu a m'mbaliwo ndi amodzi omwe amayaka pang'ono mukayatsa ma park, n'kuwala kwambiri mukaponda?

Mayi a Thoko: Eya, ndi amodzi. Pa kabokosi kake palembedwa 7443.

Bambo Mbewe: Basi. 7443 wakale ali ndi tiwaya tiwiri mkati, ka 5W ka ma park ndi ka 21W ka mabuleki. Tiwiriti timangogawana ethi, mbali ija yopita ku bodi, koma polowera magetsi n'posiyana, palibe njira yoti a uku adumphire uko. Chimodzimodzi mababu a 1157 wa matako achitsulo ndi 3157. Tsono LED ambiri otchipa alibe magawo awiri. Ma LED ake ndi amodzi omwewo, mawaya onse awiri amakumana mkati, wa park amadutsa pa resistor kuti awale pang'ono, wa buleki amalowa mwachindunji. Chomwe chimaletsa magetsi a park kutuluka kudzera ku mwendo wa buleki ndi ka diode. Ngati sanaikemo, kapena kapsa, mukayatsa magetsi ena amabwerera mu waya wa mabuleki n'kuyenda mpaka kutsogolo. Sakhala 12V yonse, koma amakwanira kunamiza kompyuta.

Chitani ichi kukada, sichifuna chida. Imikani galimoto pamdima, yatsani ma park, musaponde kalikonse, mupite kumbuyo mukayang'anitsitse kanyali ka pamwamba kaja. Iko kali pa waya wa mabuleki okha, sikayenera kuyaka ngakhale pang'ono.

Nabanda: Ndikudikira ngati mpira wa penate.

Mayi a Thoko: Bambo Mbewe, kakuyaka! Osati kwambiri, ukaima patali sungaone. Ndinachita kuphimba ndi manja m'mbali n'kuyandikitsa nkhope pa galasi. Timadontho take tonse tikuoneka tofiirira ngati makala otsala m'phulusa. Nditamuuza Thoko kuti azimitse ma park, kathima. Kuyatsa, kabweranso.

Bambo Mbewe: Ndi umboni umenewo. Magetsi omwe akuyatsa kanyaliko ndi omwewo akufika ku cruise. Kakanakhala ka babu wakale simukanaona kanthu, chifukwa kawaya kake kakanameza magetsi onse obwererawo n'kuwataya ku bodi, mwinanso cruise yanu ikanagwirabe osadziwa kuti pali vuto. N'chifukwa chake ena amaika LED m'mbali mokha n'kumati kwawo zili bwino.

Chisale W: Ndiye akangobwezera ka pamwambako kakale, nkhani yatha?

Bambo Mbewe: Cruise itha kugwira, koma mwangobisa matenda. Tsiku lomwe kababu kameneko kadzapse, vuto lidzabwerera, ndipo mudzakhala mutaiwala chiyambi chake. Ine ndikanakonda tipeze babu wolakwayo. Mayi, pali amene ali ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, pafupi?

Alamu ake: Moni akuluakulu. Ndine mlamu amene mukumukamba uja, andilowetsa pagulu kuti ndidziyankhire ndekha. Foni inathima, sindimathawa. Multimeter ndili nayo, ndipo mababu akale sindinataye, ali m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenja, ndinawakulunga m'pepala.

Jah Spana: Woimbidwa mlandu wafika m'bwalo. Khalani pansi achimwene, mboni zamaliza kale kulankhula kkkk.

Alamu ake: Ndawerenga zonse aise, ndagonja. Koma kunena zoona ine ndaikapo ma LED m'galimoto zingapo, sizinachitikepo.

Bambo Mbewe: Takulandirani achimwene, musadandaule, mwina galimoto zinazo zinalibe cruise, kapena eni ake saigwiritsa ntchito. Chitani chonchi. Ikani mita pa DC 20V. Waya wakuda mugunditse pa bawuti ya bodi yopanda penti. Soketi ya 7443 ili ndi mawaya atatu: ethi, park, buleki. Kuti mudziwe wa buleki, wina aponde, amene aonetse 12V poponda n'kugwa posiya ndi ameneyo. Lowetsani nsonga ya mita kumbuyo kwa soketi babu ali momwemo, osaboola waya. Mundiuze manambala atatu: magetsi ozima, ma park oyaka, kenako ma park oyaka mutazula babu mmodzi mmodzi.

Alamu ake: Nazi. Magetsi ozima, osaponda: 0.0. Kuponda: 12.3, injini yozima. Ma park oyaka, osaponda: 6.7. Ndazula wa kumanzere: 6.9, sizinasinthe kwenikweni. Ndamubwezera, ndazula wa kumanja: 0.1. Kanyali ka pamwamba nako kathimiratu.

Kamwendo: Ndiye wakuba ndi mmodzi, wa kumanja.

Bambo Mbewe: Tisafulumire. Atha kukhala babu, itha kukhalanso soketi ya kumanja, mwina timiyendo tapindika tikugundana kapena muli dzimbiri. Sinthanitsani: wa kumanja apite kumanzere, wa kumanzere abwere kumanja, mubwereze kuzula kuja. Vuto likasamuka ndi babu, ndi babu. Likatsala kumanja, ndi soketi kapena ethi ya mbali imeneyo. Ethi yofooka nayo imachita zofanana, magetsi akasowa njira yopita ku bodi amafuna njira ina, ndipo amaipeza kudzera mu waya wa buleki. Zimenezi zimachitika ngakhale ndi mababu akale, makamaka m'galimoto zomwe wina analumikizapo mawaya a ngolo mosasamala.

Alamu ake: Lasamuka ndi babu. Tsopano ndikazula wa kumanzere ndi pomwe zikugwa pa 0.1. Soketi zonse ndi zoyera, mulibe dzimbiri.

Mayi a Thoko: Ndiye kababu kamodzi kakang'ono ngati chala ndi komwe kandisowetsa mtendere sabata yonse.

Gogo Mawaya: Ndakhala ndikungowerenga, ana anga, koma ndiwonjezepo chimodzi chomwe simunakambe. Waya wa mabuleki ameneyu sapita ku cruise yokha. Pa automatic, ndi yemweyo amene amamasula loko ya giya kuti ichoke pa P. M'galimoto zina amauzanso giyabokosi kuti imasule lock-up ya torque converter, yomwe imagwirizitsa injini ndi giya mwachindunji, ndiye kompyuta ikamaganiza kuti mwaponda, injini imazungulira kwambiri pa liwiro lomwelo n'kumamwa mafuta. ABS nayo imamvera waya yemweyo. Mayi a Thoko, muli ndi ana pakhomo. Musanazule babuyo, kokani handibuleki, tsegulani kiyi, yatsani ma park, muyese kuchotsa giya pa P osaponda buleki. Ikachoka, galimoto imeneyo isayende mpaka mutakonza.

Mayi a Thoko: Agogo mwandiopsa. Tayesa pompano, babu wolakwayo ali momwemo. Yakana kuchoka, mpaka nditaponda.

Gogo Mawaya: Zili bwino. Ndiye kuti 6.7 yakwanira kunamiza cruise koma yachepa pa loko. Chipangizo chilichonse chili ndi mlingo wake womwe chimati apa aponda. Pa galimoto ina zikanatha kukhala mwina.

Chisale W: Funso langa ndi lakuti bwanji check engine sinayake? Ine ndikadziwa kompyuta ikaona zosokonekera imadandaula.

Bambo Mbewe: Zimatengera galimoto. Zomwe zimayerekeza mbali ziwiri za switchi zija a Kamwendo ananena zimatha kusunga code (nambala ya vuto) P0504, kutanthauza kuti mbali A ndi B sizikugwirizana: ina ikuti aponda, ina ikuti sanaponde. Palinso P0571 ya dera la switchi ya mabuleki ku cruise, ndi abale ake P0572 ndi P0573. Koma si code iliyonse imayatsa nyali, ina imangokhala mkati kudikira makina. Ndipo apa ndi pomwe anthu amataya ndalama, makina akuti brake switch, iwo n'kugula switchi yatsopano, vuto osatha, chifukwa code imangonena dera lomwe muli vuto, sinena chomwe chafa. Ngati muli ndi ka OBD2, kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto pa foni, musathamangire ma code, tsegulani live data mupeze mzere wa stop lamp switch. Pa galimoto ya mayiwa mukanaona ukusintha kuchoka pa OFF kupita pa ON pongoyatsa magetsi, osaponda buleki.

Zina zimachitanso mosemphana. Ma Subaru ambiri, check engine ikangoyaka pa chifukwa chilichonse, amazimitsa cruise dala n'kumaphethiritsa kanyali kake. Pamenepo munthu amafufuza cruise pomwe vuto lili kwina.

Kamwendo: Ndiye ine amene ndikanagulitsa mayiwa switchi ndikhale chete.

Bambo Mbewe: Ayi achimwene, pakanapanda nkhani ya mababu inenso ndikanayamba ndi switchi, fyuzi ya STOP, kenako mabatani a pa chiwongolero ndi clock spring, chingwe chozungulizidwa kuseri kwa chiwongolero cholumikiza mabataniwo. Pa manual ndikanaonanso switchi ya klatchi. Komanso ena amaiwala kuti cruise zambiri zakale sizilola pansi pa liwiro la pafupifupi 40, amayesera pa msewu wa m'makwalala n'kumati yafa.

Nabanda: Nanga amene akufunabe LED zivute zitani, atani? Chifukwa kunena zoona amayaka msanga kuposa akale, wa kumbuyo amakuona mofulumira.

Bambo Mbewe: Zoona, LED imayaka nthawi yomweyo pomwe kawaya kamayamba katenthedwa kaye. Njira zilipo. Yoyamba, gulani abwino ndipo muwayeze tsiku lomwelo momwe achitira alamuwa, ma park oyaka, mita pa waya wa buleki. Mutenge ofiira, osati oyera. LED yoyera kuseri kwa galasi lofiira imatuluka yotuwa ngati pinki, chifukwa kuwala kwake kuli ndi kufiira kochepa. Muonenso kusiyana kwa park ndi buleki mutaima patali masana. Ndaonapo ambiri omwe park yake ndi yowala kwambiri moti ukaponda kusintha kwake sikuoneka, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa cruise yakufa. Pa 7443 ndi 3157 samalaninso, pali soketi za mitundu iwiri, wamba ndi zomwe amazitcha CK, zooneka mofanana koma ethi ili pa miyendo yosiyana. Babu wakale salabadira, koma LED yolakwika imatha kuwotcha fyuzi pongoilowetsa.

Kwa amene vuto lawo ndi loyamba lija la waya wa lende, kusiya babu mmodzi wakale kumakwana, kapena resistor womangidwa pa chitsulo. Amene anachita kuikitsa cruise yogula padera, njira yaukhondo ndi relay, switchi yoyendetsedwa ndi magetsi, ya miyendo isanu yokhala ndi manambala: 86 ku waya wa mabuleki, 85 ku bodi, 30 ku waya wa cruise womvera mabuleki, 87a ku bodi, 87 ku 12V yodutsa pa fyuzi. Osaponda, cruise imaona ethi yeniyeni. Kuponda, imaona 12V. Situlutsa kutentha. Koma pa cruise yobwera ndi galimoto sindilimbikitsa kudula mawaya opanda chithunzi cha mawaya a galimoto imeneyo, ndipo mukalumikiza chilichonse, kuyesa koyamba kukhale kwakuti ikusiya mukaponda buleki, pa msewu wopanda anthu.

Wa Pickup: Ndibweze lipoti langa. Ndamasula light bar, uthenga uja wachoka nditangoyenda pang'ono. Ndiikweza padenga.

Jah Spana: Padenga izikaimba mluzu ndi mphepo, mudzabweranso pano.

Mayi a Thoko: Nane lipoti. Alamu abwezera 7443 akale onse awiri m'mbali. Ka pamwamba ndi ta pa nambala tasiya ta LED. Mita ikuti 0.0 ma park ali oyaka, kanyali ka pamwamba kali zii mpaka utaponda. Usiku uno tayenda ndi magetsi onse oyaka, SET yagwira pa 70 ndi pa 100, buleki ikumasula, RES ikubwerera. Zikomo Bambo Mbewe, Agogo, ndi nonse. A Kamwendo, kamphira kaja ndakaona nditawerama, kali ndi ming'alu, ndiye simunalankhule pachabe, tikasintha.

Bambo Mbewe: Zasangalatsa mayi. Achimwene, babu wolakwa uja musataye. Ngati mungathe mutsegule, ndikufuna ndidziwe ngati diode anaiwala kuika kapena inapsa.

Alamu ake: Ndatsegula onse awiri ndi kampeni. Mwa wabwino uja muli tima diode tiwiri takuda pafupi ndi miyendo, tili bwinobwino. Mwa winayu tilimonso tiwiri, koma kamodzi kali ndi kadontho ka mtovu komwe kagwira miyendo yake yonse iwiri. Ndayeza ndi mita, kakulira mbali zonse.

Bambo Mbewe: Ndiye anachoka nalo ku fakitale. Tumizani chithunzi pagulu, muyandikitse kamera pa kadonthopo.